Kwaya ikuthamanga, ikukoka kapena ikusiyana: mavuto a kutalika kwa manoti ndi kagawidwe ka biti

Dandaulo la akwayamasitala ambiri ndi limodzi: nyimbo anthu akuidziwa, mawu ndi abwino, koma ikangofika pakati soprano ali kwawo, besi ali kwawo, wa kiyibodi naye ali kwake. Kenako kumayamba kulozana zala. Nthawi zambiri vuto silikhala pakhosi. Oimba athu amawerenga zilembo za solfa, d r m f s l t, koma timizere ndi timadontho ta pakati pa zilembozo amangotidumpha. Chilembo chimakuuzani kukwera kapena kutsika kwa liwu. Kutalika kwa liwulo kuli m'timadontho tija, ndipo kwaya imene sitiwerenga imaimba kutalika kongokumbukira, aliyense mmene anamvera kwawo.

Musanafufuze vuto

Biti ndi kugunda kosasintha kumene phazi limatsata pansi pa nyimbo. Manoti sakankha biti, ndipo saiyembekezeretsa. Noti imadzaza biti yonse, kapena imatenga mabiti angapo, kapena imagawana biti imodzi ndi inzake. Ganizirani amayi akusinja: mmodzi akamasinja yekha, munsi umagwa kamodzi pa nthawi yake. Wachiwiri akalowa pa mtondo womwewo, munsi wake umagwa pakati penipeni pa kugunda kwa mnzake, ndipo woyambayo sasintha liwiro. Kugawa biti pawiri ndi kumeneko.

Kalembedwe ka solfa kanakonzedwa ku England ndi John Curwen m'zaka za m'ma 1840, pogwiritsa ntchito njira ya Sarah Glover wa ku Norwich, ndipo kuno kanafala kudzera m'masukulu ndi m'matchalitchi a mishoni. Zizindikiro zake za nthawi ndi izi:

- Mzere wautali woimirira ( | ) umatsegula chigawo, chimene ena amati bar, ndipo biti yotsatira ndi yamphamvu.
- Madontho awiri ( : ) amatsegula biti yofooka.
- Mzere waufupi umatsegula biti yamphamvu pang'ono pakati pa chigawo. Olemba pa foni ndi pa kompyuta ambiri amaika ( / ) m'malo mwake, ndipo muno ndichitanso chimodzimodzi.
- Kadontho kamodzi ( . ) kamagawa biti pawiri mofanana.
- Mpatuliro ( , ) umagawanso thekalo pawiri, ndiye kuti biti yagawika panayi.
- Mpatuliro wozondoka ( ‘ ) umagawa biti patatu.
- Kamzere kogona ( - ) kakutanthauza kuti pitirizani liwu lomwelo.
- Malo opanda chilembo ndi mpumulo: khalani chete, koma biti ikuyendabe.

Pa manoti a pa mizere isanu, a staff, pamene nambala yapansi mwa nambala ziwiri za nthawi zolembedwa poyambira nyimbo (monga 4/4) ndi 4, semibreve imatenga mabiti 4, minim 2, crotchet 1, quaver theka la biti, ndipo semiquaver theka la thekalo. Mabuku ndi mavidiyo a ku America amatchula manoti omwewa kuti whole, half, quarter, eighth ndi sixteenth. Musasokonezeke, ndi zinthu zimodzimodzi.

Mayina owerengera nthawi, amene Curwen anatengera kwa Aimé Paris wa ku France, ndi chida chimene makwaya ambiri anachitaya, ndipo n'zomvetsa chisoni chifukwa chimagwira ntchito. Biti yathunthu ndi taa. Yogawika pawiri ndi taa-tai, panayi ndi ta-fa-te-fe, patatu ndi taa-tai-tee. Liwu lopitirira ndi -aa, mpumulo ndi saa wonong'ona. Muwakumbukire, tiwagwiritsa ntchito m'munsimu.

1. Nyimbo ikukoka, ndime yomaliza yatalika kuposa yoyamba

Ili ndiye vuto lofala kuposa onse, makamaka pa nyimbo za m'buku zimene mpingo wonse ukuimba nawo. Musatsutsane pakamwa, yezani. Jambulani nyimbo yonse pa foni ndipo muone masekondi a ndime iliyonse. Ndime ya zigawo 16 za mabiti 4 ili ndi mabiti 64. Pa liwiro la mabiti 80 pa mphindi iyenera kutha m'masekondi 48. Ngati ndime yomaliza yatenga masekondi 58, ndiye kuti mwatsika kufika pa 66, ngakhale palibe amene wazindikira.

Zoyambitsa, kuyambira chofala kwambiri:

Kupuma kukuwonjezera nthawi. Oimba amatsiriza noti yaitali ya kumapeto kwa mzere, kenako amakoka mpweya, kenako amayamba mzere wina. Mpweya umenewo watenga nthawi imene sinalembedwe paliponse. Mizere 4 pa ndime, ndime 5, mwawonjezera kanthawi ka 20, ndipo nthawi iliyonse liwiro limabwerera lotsikirapo. Kuti mutsimikize, pondani biti ndi phazi osasiya pamene kwaya ikuimba. Ngati phazi lanu likufika pa 1 iwo asanayambe mzere watsopano, vuto ndi lomweli. Mankhwala ake ndi kuba mpweya kunoti yaitaliyo. Pa |s :- /- :- | imbani mabiti 3 athunthu ndi theka la biti yachinayi, theka lotsalalo mukoke mpweya, ndipo pa 1 mukhale mwayamba kale. Lembani kachizindikiro ka pensulo pamalo opumira kuti onse apumire pamodzi.

Aliyense akudikira mnzake. Alto akudikira kumva soprano, mpingo ukudikira kumva kwaya, wa kiyibodi akudikira kumva mpingo. Amene amadikira kumva kaye amalowa mochedwa nthawi zonse. Sankhani mmodzi woti agwire liwiro, kaya ndi dzanja la wotsogolera kapena ng'oma, ndipo enawo atsate ameneyo ndi maso.

Wotsogolera akumenya mawu, sakumenya biti. Dzanja lake likugwa pa silabulo iliyonse, ndiye pa noti yaitali limaima m'mwamba osayenda. Dzanja likaima, kwaya ilibenso choyezera. Pa mabiti 4 dzanja lamanja lipite pansi, kumanzere, kumanja, m'mwamba. Pa 3 lipite pansi, kumanja, m'mwamba. Pa 2, pansi ndi m'mwamba. Liziyenda choncho ngakhale kwaya itagwira noti imodzi chigawo chonse.

Kukula kwa nyumba. Phokoso limayenda mamita pafupifupi 343 pa sekondi. Munthu wokhala mamita 34 kuchokera ku kwaya amamva mochedwa ndi gawo limodzi mwa magawo 10 a sekondi, ndipo liwu lake limatenganso nthawi yomweyo kubwerera kutsogolo. M'tchalitchi chachikulu cha malata ndi simenti, kwaya ikamamvera mawu obwerera kuchokera kumbuyo, imakokedwa. Apa musakalipire anthu. Auzeni oimba atsate dzanja, asatsate zimene zikumveka kumbuyo.

2. Nyimbo ikuthamanga

Chofala kwambiri ndi kudula manoti aatali. Munthu akaona |d :- /- :- | amaimba mabiti 3, mtima n'kumuuza kuti yakwana, n'kulumphira mzere wotsatira. Auzeni aimbe nambala m'malo mwa mawu, 1, 2, 3, 4 pa liwu lomwelo, mpaka thupi lizolowere kuti noti ya mabiti 4 imatha pamene 1 wotsatira akuyamba.

Chachiwiri ndi mantha a manoti ang'onoang'ono. Oimba akaona timadontho tambiri amaganiza kuti pamenepo m'pothamanga, ndiye amathamangitsa biti yeniyeniyo. Manoti achuluka, inde, koma biti ndi yomwe ija. Agaweni pawiri: gulu lina liziwomba m'manja biti yokha, lina lizinena taa-tai, kenako ta-fa-te-fe, kenako asinthane. Yambani pa 60, pamene biti imodzi ndi sekondi imodzi, ndipo mukwere ndi 4 kapena 5 pokhapokha zitakhala bwino kawiri motsatizana.

Chachitatu ndi kukweza mawu. Pa kolasi, mawu akakwera, m'manja mukayamba kulira, liwiro limakwera nalo. Yeserani kuimba kolasiyo mokweza ndi motsitsa mosinthanasinthana metronomu, chida chogunda biti mosasintha, ikulira. Mapulogalamu a metronomu a pa foni alipo aulere ambiri. Nambala yolembedwa pamwamba pa nyimbo, monga M. 72 pa solfa, ndi imene mumaika pamenepo.

3. Manoti a kadontho sakumveka, kapena onse akumveka mofanana

Apa ndikhalitsapo, chifukwa ndi pamene makwaya odziwa kuimba amataya mamalikisi pa mpikisano, ndipo ambiri sadziwa kuti chawagwetsa n'chiyani.

Pali zinthu 3 zimene khutu losazolowera limazimva ngati chimodzi. Choyamba ndi :d .r pamene biti yagawika pakati penipeni. Chachiwiri ndi :d .,r pamene d watenga magawo 3 mwa magawo 4 a biti, r n'kutenga gawo limodzi lotsalalo, ndipo dzina lake ndi taa-fe. Pa staff imeneyi ndi quaver ya kadontho yotsatidwa ndi semiquaver. Chachitatu ndi biti yogawika patatu, d n'kutenga magawo 2, r gawo limodzi. Pa liwiro la 60, kanoti komaliza kamatenga theka la sekondi pa choyamba, 0.25 ya sekondi pa chachiwiri, ndi 0.33 pa chachitatu. Kusiyana kwa ziwiri zomalizazi sikufika n'komwe gawo limodzi mwa 10 la sekondi, komabe ndi kumene kumasiyanitsa nyimbo yoguba ndi nyimbo yoyendera m'chiuno.

Zoyambitsa:

Thupi likugawa patatu mwachizolowezi. Magule athu ambiri ndi nyimbo zambiri zowombera m'manja zimayenda pa biti yogawika patatu, ndipo tinakula nazo. Choncho tikapatsidwa taa-tai kapena taa-fe, mwendo umazikokera zonse ku kagawidwe ka patatu. Ine sindikuona cholakwa pa kaimbidwe kameneka pakokha. Nyimbo zambiri za m'buku zinakhala zathu chifukwa cha komweko, ndipo palibe chifukwa chochitira nako manyazi. Cholakwika chimabwera pamene theka la kwaya likugawa patatu, theka lina likutsata pepala. Pamenepo kanoti kakang'ono kamamveka kawiri, ngati chibwibwi. Gwirizanani chimodzi. Pa mapemphero mukhoza kusankha kaimbidwe ka kwanu. Pa nyimbo yoikidwa ndi okonza mpikisano, tsatani pepala.

Kuti muone chimene kwaya yanu ikuchita, munthu mmodzi azinena ta-fa-te-fe mosalekeza pamene ena akuimba. Pa :d .,r noti yachiwiri iyenera kugwera pa fe ndendende. Ikagwera pa te, agawa pawiri. Ikagwera pakati pa te ndi fe, agawa patatu. Pokonza, imbitsani d d d r pa ta-fa-te-fe kangapo, kenako alumikize ma d atatuwo akhale liwu limodzi, koma m'mutu akuwawerengabe. Zimathandizanso kuwauza kuti kanoti kakafupiko n'ka noti yotsatira, kamathamangira kutsogolo, sikatsamira kumbuyo.

Kusokoneza :-.r ndi .,r. Pa |d :-.r /m :f | d akutenga biti ndi theka, r akutenga theka. Imeneyi ndi crotchet ya kadontho ndi quaver, ndipo ziwirizo zadzaza mabiti 2. Pa |d .,r :m zonse ziwiri zili m'biti imodzi. Oimba amene anangoloweza kuti "yaitali kenako yaifupi" amaziimba mofanana, chigawo n'kuperewera kapena kusefukira. Pondani phazi: pa yoyambayo phazi limagunda kachiwiri d akadalipo, pa yachiwiriyo r amadutsa phazi lisanagundenso.

Kusadziwa ntchito ya kadontho pa staff. Kadontho ka kumanja kwa noti kamawonjezera theka la kutalika kwa notiyo. Minim ya kadontho ndi 2 kuwonjezera 1, mabiti 3. Crotchet ya kadontho ndi biti ndi theka. Kadontho sikawonjezera biti imodzi nthawi zonse monga ena amaphunzitsira. Kadontho kokhala pamwamba kapena pansi pa mutu wa noti n'kena: kakuti liwu lidulidwe msanga, koma malo a notiyo m'biti sasintha.

Pepala lenilenilo. Onani gawo 6.

4. Kwaya ikulowa molakwika poyamba kapena pambuyo pa mpumulo

Kawirikawiri nyimboyo siyambira pa biti yoyamba. Mukaona :s |d :- /m :r | dziwani kuti s uja ali pa biti yomaliza ya chigawo chosakwanira, ndipo mphamvu ili pa d. Chigawo chomaliza cha nyimbo chimakhala choperewera ndi biti yomweyo. Wotsogolera akawerenga "1, 2, 3, 4" n'kuyambitsa s pa 1, nyimbo yonse yasuntha ndi biti imodzi, ndipo wa ng'oma adzamva kuti china chake chapendama ngakhale sangathe kuchitchula. Werengani "1, 2, 3", kwaya ilowe pa 4 dzanja likukwera.

Chachiwiri, mpumulo akuutenga ngati nthawi yopumuladi. Maso amachoka pa dzanja, kuwerenga kumaima. Anong'oneze saa pa biti iliyonse yopanda liwu mpaka azolowere. Besi ndi tena, amene nthawi zina amakhala chete zigawo zingapo, awerenge chonchi: 1 2 3 4, 2 2 3 4, 3 2 3 4, nambala yoyamba ikunena chigawo chimene afika.

Chachitatu, kulowa pa theka la biti. Pa : .d phazi limagunda kaye, liwu n'kubwera phazi likudzuka. Ambiri amalowa limodzi ndi phazi. Yeserani pang'onopang'ono: phazi pansi, chete, phazi m'mwamba, liwu.

Kwa owerenga staff pali kamsampha kena. Mpumulo wa semibreve ndi wa minim amafanana, onse ndi timabokosi takuda. Wa semibreve umalendewera pansi pa mzere wachinayi kuwerenga kuchokera pansi, wa minim umakhala pamwamba pa mzere wachitatu. Wolendewerawo umagwiritsidwanso ntchito kutanthauza chigawo chonse cha chete, ngakhale chigawocho chikhale cha mabiti 3.

5. Mawu a Chichewa sakukwana pa manoti

Nyimbo zambiri za m'mabuku athu zinamasuliridwa kuchokera ku zilankhulo zina, maimbidwe n'kusiyidwa momwe analili. Chichewa chili ndi kayendedwe kake. Timatalikitsa silabulo yachiwiri kuchokera kumapeto, makamaka pothera pa chiganizo: chiKOndi, mteNDEre, MuLUngu. Maimbidwe ambiri obwera amaika noti yaitali ndi mphamvu pa silabulo yomaliza. Pakamwa pa woimba pamafuna kutalikitsa KO, pepala likufuna atalikitse NDI. Zotsatira zake, ena amatsata pakamwa, ena pepala, ndipo mapeto a mzere uliwonse amamveka ophwasuka.

Chitani izi motsatana. Yambani mwalankhula mawuwo pa biti, osaimba, phazi likugunda. Pamene pakamwa pakukana, ikani chizindikiro. Kenako onani ngati masilabulo akufanana ndi manoti kuchuluka kwake, ndime iliyonse payokha, chifukwa ndime yachitatu ikhoza kukhala ndi silabulo yowonjezera imene yoyamba ilibe. Silabulo ikachuluka, gawani noti imodzi pawiri, :d isanduke :d .d, osawonjezera biti. Ikaperewera, silabulo imodzi itenge manoti 2, ndipo pa solfa amalemba mzere kunsi kwa manotiwo.

Samalani ndi m woyambirira m'mawu ngati mtima, mtanda ndi mzimu. Polankhula, m ameneyu ndi silabulo payekha, m-ti-ma. Omasulira ena anamupatsa noti yake, ena anamuphatikiza ndi silabulo yotsatira kuti mawu akwane. Werengani manoti a mzerewo kuti mudziwe chimene womasulirayo anachita, ndipo muuze kwaya yonse chimodzi. Ngati m alibe noti yake, amveke msanga biti isanagunde, kuti ti wa mtima agwere pa biti penipeni.

Pa staff onaninso mzere wokhota. Ukalumikiza manoti 2 a liwu limodzi, ndiye kuti wachiwiriyo satchulidwanso, kutalika kwake kumangowonjezedwa pa woyamba. Ukalumikiza manoti osiyana, onse amaimbidwa koma pa silabulo imodzi.

6. Chigawo sichikukwana mukachiwerenga

Musanavutitse oimba kwa ola lathunthu, kayikirani pepala. Mapepala athu ambiri ndi fotokope ya fotokope ina. Mpatuliro ukadutsa m'makina kangapo, kamchira kake kamafufutika n'kusanduka kadontho. Kachitsotso ka pagalasi la makinawo kamatuluka ngati kadontho pamene panalibe. Wokopera pa bolodi ndi choko amaiwala kamzere kogona kamodzi, ndipo wokhala kumbuyo amakopera zimene waona. Nyimbo yotumizidwa ngati uthenga wa pa WhatsApp ndiye imawonongeka kwambiri: mizere imaduka pamene foni yafuna, manoti a alto sakhalanso pansi pa a soprano, ndipo malo opanda kanthu, amene pa solfa ndi mpumulo, wolemba amangowatseka poganiza kuti ndi mpata wamba.

- Werengani zizindikiro zotsegula biti m'chigawo chilichonse. Pa mabiti 4 payenera kukhala | : / : basi, pa 3 payenera kukhala | : : basi.
- Yerekezani mawu onse 4. Pa nyimbo ya mabiti 4, ngati soprano ali ndi mabiti 4 koma tena ali ndi 3, cholakwika chili kwa tena.
- Yerekezani ndi mzere wina wa maimbidwe ofanana m'nyimbo yomweyo. Nthawi zambiri mzere woyamba umabwereranso.
- Funani buku losindikizidwa kapena pepala loyambirira. Potumizirana, jambulani chithunzi cha pepala, musalembenso.

Amene ali ndi kompyuta akhoza kulowetsa manotiwo mu MuseScore, pulogalamu yaulere yolembera nyimbo pa staff. Imakuimbirani zimene mwalemba, ndipo chigawo chikaperewera imadzaza malowo ndi mpumulo, cholakwikacho n'kuonekera.

7. Kiyibodi kapena ng'oma sizikugwirizana ndi kwaya

Choyamba kuyang'ana ndi sitayilo imene wa kiyibodi wasankha. Makiyibodi a Yamaha ndi Casio amene ali m'matchalitchi ambiri ali ndi ng'oma zoimba zokha, ndipo zambiri mwa izo ndi za 4/4. Nyimbo ya 3/4 kapena 6/8 siingakwane pamenepo ngakhale mutasintha liwiro motani. Ya 3/4 imafuna sitayilo ya waltz, ya 6/8 imafuna yolembedwa 6/8.

Chachiwiri ndi kusokoneza 3/4 ndi 6/8. Zonse ziwiri zili ndi ma quaver 6 m'chigawo, n'chifukwa chake anthu amati n'zimodzi. Sizimodzi. Pa 3/4 pali mabiti 3, iliyonse yogawika pawiri: 1 ndi 2 ndi 3 ndi. Pa 6/8 pali mabiti 2 akuluakulu, iliyonse yogawika patatu, mphamvu ili pa 1 ndi pa 4. Pa solfa 6/8 imaoneka chonchi: |d :- :r /m :- :f | ndipo mzere waufupi uja ndiwo ukukuuzani pogwera phazi lachiwiri. Nyimbo yotere ikakhala yofulumira, wotsogolera amenye kawiri pa chigawo. Akamenya ka 6, dzanja limatopa ndipo nyimbo imalemera.

Chachitatu ndi nambala yapansi. Imanena mtundu wa noti imene ikuwerengedwa: 4 ndi crotchet, 2 ndi minim, 8 ndi quaver. Mabuku ena akale a nyimbo za m'tchalitchi amalemba biti ndi minim. Woimba kiyibodi amene analoweza kuti minim ndi mabiti 2 nthawi zonse adzaimba nyimbo yotere mochedwa kawiri. Chilembo C ndi 4/4, koma C wodulidwa ndi mzere pakati ndi 2/2.

Chachinayi ndi fermata, kachizindikiro kokhota kokhala ndi kadontho m'kati, kamene kamalola wotsogolera kugwira noti mopitirira. Makina sadziwa zimenezo, amangopitirira. Pa nyimbo yokhala ndi fermata kapena yochedwetsa kumapeto, zimitsani ng'oma za m'kiyibodi, aimbe ndi manja okha.

Chosowa koma chimachitika: kiyibodi yalumikizidwa ku sipika kudzera pa Bluetooth. Liwu limatuluka mochedwerapo chala chitagunda kale. Gwiritsani ntchito waya.

8. Munthu mmodzi yekha ndi amene akusiyana ndi anzake

Musamuchititse manyazi pagulu. Mukhale naye padera, muyende limodzi mukuwomba m'manja pa phazi lililonse, kenako kawiri pa phazi lililonse. Ambiri amene amati alibe biti amakhala kuti sanaphunzitsidwepo kugawa, ndipo amasintha m'masabata ochepa. Ena amaimba nyimboyo mmene ankaimbira kumpingo kumene anachokera. Ena aima kumapeto kwa mzere wa oimba kumene saona dzanja, ndipo kungowasuntha malo kumathetsa nkhani.

Nthawi yosiya n'kuitana wodziwa

Pali pamene kulimbikira nokha kumangozika cholakwika mozama, chifukwa chimene kwaya yabwereza kwa mwezi chimavuta kuchotsa kuposa chimene sinaphunzire n'komwe. Funani thandizo pa zinthu izi:

- Mwawerenga chigawo mobwereza, sichikukwana, ndipo pepala loyambirira silikupezeka. Musangowonjezera kamzere mongoganiza, makamaka pa nyimbo ya mpikisano. Funsani okonza mpikisanowo kapena mwini nyimbo.
- Nyimbo ikusintha nambala za nthawi pakati, kapena ili mu 5/4 kapena 7/8, kapena mawu ena akugawa biti pawiri pamene ena akugawa patatu nthawi yomweyo mwadala.
- Mukufuna kusandutsa nyimbo ya staff kukhala solfa, kapena kulemba nyimbo yanu yopeka kuti ena akaimbe. Wodziwa aione isanachulukitsidwe.
- Atsogoleri awiri a kwaya akuphunzitsa mosiyana ndipo aliyense akuti zake ndiye zolondola. Munthu wapadera wowerenga bwino manoti athetsa mkanganowo m'mphindi zochepa, ubale usanawonongeke.
- Mwayesa zonse za m'gawo loyenera kwa mwezi, kujambula kwa pa foni kukusonyeza kuti palibe chasintha.

Anthu otere amapezeka: aphunzitsi a nyimbo m'masukulu ndi m'makoleji, oimba malipenga m'mabandi a apolisi, a asilikali ndi a Salvation Army, amene amawerenga staff tsiku ndi tsiku, komanso amene anaphunzira nyimbo ku University of Malawi ku Zomba. Popita kwa iwo tengani pepala lenilenilo ndi zimene munajambula, ndipo muwalozere chigawo chimene chikuvuta.

Zina sizili za mphunzitsi wa nyimbo. Woimba amene kale ankalowa bwino koma tsopano akuchedwa, akupempha kuti mubwereze zimene mwanena, kapena akudandaula kuti m'khutu mukulira, apite kuchipatala akapimidwe makutu, ndipo pakadali pano musamuimike pafupi ndi sipika. Amene mawu ake asasa kwa masabata opitirira 3, kapena akubanika pa noti imene kale ankaigwira bwinobwino, asiye kaye kuimba akaonane ndi dokotala. Kiyibodi imene ikuzima yokha, ikununkha kupsa, kapena adaputala yake ikutentha kwambiri, izuleni kumagetsi ndipo muipereke kwa wokonza zamagetsi. Musaitsegule nokha.